Gudumu la pa Chulu cha ku Chipera

Tete, 6 Novembro 2022

Okondedwa Malume Amadeu,

Landirani moni wanga ndi manja awiri. Muli bwanji kumeneko? Amayi ali bwanji? Nanga maso a ababa, mankhwala odontheza aja akuthandizako kapena mdima ndi womwe uja? Ine ndili bwino, kungoti Tete watentha moti ngakhale agalu akuchita kusankha poponda.

Kalatayi ndampatsira Vicente wa lole, chifukwa nkhani ndili nayoyi si yokambira pa telefoni yanu ija, yomwe munthu ukangoti "Malu..." yadula kale.

Malume, khalani pansi kaye. Mphwanu wapanga tsamba la pa intaneti! Ndekha, ndi zala zangazi! Paja mukudziwa kuti ndikuphunzira ntchito pa kakampani kopanga masamba otere. Ophunzirafe tilipo awiri, ine ndi mnzanga wina dzina lake João, koma kumapeto kwa Janeiro shefi wathu, Dona Carlota, adzalemba ntchito mmodzi yekha. Winayo adzanyamula chikwama. Anatiuza kuti aliyense apange tsamba la anthu enieni. João wasankha hotela. Ine ndinati ndivutikirenji, anthu enieni si ndili nawo ku Chipera? Ndapangira gulu lanu loweta mbuzi lija. Zithunzi zonse ndinajambula mu Setembro zija zalowamo: mbuzi, uchi, amayi, ababa, ngakhale inu mutavala jekete la pa Pasaka. Ogula a kuno aziyamba aona mbuzi asanawononge gazolina.

Dona Carlota ndi mayi wabwino, koma ali ndi lamulo limodzi lomwe amalibwereza ngati pemphero la m'mawa. Ati tsamba lizitseguka pa telefoni iliyonse, yodula kapena yotchipa, redi, netiweki ija, ikhale yamphamvu kapena yofooka. Ati masamba ali ndi malamulo ake omwe akatswiri a dziko lonse anagwirizana, monga njerwa zimayenera kutuluka m'chikombole chimodzi kuti khoma liwongoke. M'kabati mwake amasungamo katelefoni kakalekale, kong'aluka galasi, komwe tinakapatsa dzina loti Woweruza. Pa tsiku la mayeso adzatsegulira masamba athu pa kameneko, ndipo palibe wololedwa kukakhudza tsikulo lisanafike.

Ine ndinangoseka chamumtima. Woweruza mmodzi akandiopse ine? Kwathu oweruza ndi mudzi wonse! Ndiye chonde Malume, kwerani pa chulu chija chomwe redi imagwira, mulembe pa telefoni adiresi ndaika m'munsimu, mundiuze zomwe mwaona. Musandibisire kanthu.

Ngati uchi watsalako, kabotolo kamodzi sikangandiphe.

Ndine mphwanu wonyada,
Stélia

Chipera, 21 Novembro 2022

Kwa mphwanga Stélia, katswiri wa makina,

Mtendere ukhale nawe. Kuno tonse tili bwino. Amako akubzala, abambo ako akukhala pakhonde monga mwa masiku onse, ndipo ine msana ukundikumbutsa zaka zanga.

Mwana iwe! Mwana iwe! Watichotsa manyazi!

Kalata yako ndinaiwerenga m'tchalitchi dzulo, zolengeza zitatha. Paja ukatekisiti ndinapuma, koma pakamwa sipanapume. Titangoti amen, mpingo wonse unanditsatira ku chulu, akwaya kutsogolo. Abambo ako tinawasiya pansi pa mtengo wa msekese chifukwa chulu n'chotsetsereka ndipo iwo saona poponda. Ine ndinakwera mpaka pansonga, ndinalemba adiresi ija chilembo ndi chilembo, n'kukweza telefoni kumwamba ngati chikho cha pa misa.

Poyamba panangoyera mbee. Ena anayamba kung'ung'udza. Ndinawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndisanatseke pakamwa, chinatulukira. Gudumu! Kagudumu pakati penipeni, kakuzungulira kokha, popanda wokakankha! Amayi a kwaya anaimba nthungululu, mbuzi za a Luís, a m'gulu lathu loweta, zinabalalika. Ndinafuulira abambo ako pansi paja kuti, "Alamu, likuzungulira!" Iwo anafunsa kuti chikuzungulira n'chiyani. Ndinati, "Nzeru za mwana wanu!"

Telefoni inayenda dzanja ndi dzanja, aliyense anaonako. Mphwanga, gudumu lako silitopa. Tinaliyang'ana mpaka dzuwa linapendeka, ilo likungozungulirabe. Inayamba kutopa ndi batire. Chigayo cha ku Fíngoè chimapumako, koma lako ayi.

Ukamuuze Dona Carlota kuti asavutike n'kutsegula kabati. Oweruza a ku Chipera agamula kale, ndipo wapambana. Za mbuzi ndi zina tidzakamba tsiku lina, lero ndi tsiku la gudumu.

Uchi uli kwa Vicente. Uyang'ane ngati botolo lafika lodzaza, munthu uja ndimamudziwa.

Malume ako,
Amadeu

Tete, 4 Dezembro 2022

Malume anga a golide,

Moni kwa inu nonse! Mvula yayamba bwanji kumeneko? Uchi wafika, wochepera pakhosi pa botolo, ndipo Vicente akuti ndi dzuwa linamwako.

Mayo ine, kalata yanu! Ndinavina mu ofesi mpaka João anafunsa ngati ndalumidwa ndi linthumbu. Mwaliona gudumu! Nanga mukudziwa kuti ndi la yani? Ndi la ababa! Ndi gudumu lakumbuyo la njinga yawo ija, yomwe ankanyamulira mbuzi kupita nazo ku Fíngoè maso ali bwino. Ndinalijambula mu Setembro lili m'khumbi, ndi kamphira kofiira komwe anamangira sipoko yothyoka. Ndinaliika pamwamba pa tsamba n'kulilembera malangizo oti lizizungulira osaima. Linandidyera masiku ambiri, ndipo ndinkaopa kuti pa telefoni zakumudzi silizungulira. Muwauze ababa kuti njinga yawo ikuyendanso.

Tsopano poti tsamba likutseguka ngakhale pa chulu, ndamasuka. Ndawonjezera kanema wa mbuzi zikutuluka m'khola. Ndaikamo nyimbo ya kwaya yathu kuti iziyamba yokha munthu akangotsegula. Zilembo ndasankha zokhotakhota ngati za pa khadi la ukwati. Zithunzi ndazisiya zazikulu momwe zilili, kuti wogula aziwerenga ndevu za tonde imodziimodzi.

Kuno tili ndi chida chotchedwa validadori, chomwe chimawerenga tsamba n'kuloza pomwe waphwanya malamulo. Langa chalidzaza ndi mizere yofiira ngati kope la mwana wopulukira. Chida china choyeza kulemera chikuti tsamba langa ndi thumba la chimanga chonyowa. Koma chida chidziwa chiyani za ku Chipera? Chinakwerapo chulu? Dona Carlota anadutsa kumbuyo kwanga, anayang'ana, n'kufunsa kuti, "Stélia, wayesa pa redi yofooka?" Ndinangotulutsa kalata yanu n'kumuwerengera pomwe munati asavutike n'kutsegula kabati. Anakweza nsidze n'kupita. Ndikuganiza kuti wagoma.

João wayamba kuonda. Ndikumumvera chisoni, koma pang'ono pokha.

Pa Natale, chikondwerero cha kubadwa kwa Ambuye, sindibwera, ndikufuna kukometsa tsambali mpaka linyezimire. Mundilembere nkhani zonse.

Wanu wosagona tulo ndi chimwemwe,
Stélia

Chipera, 19 Dezembro 2022

Mphwanga Stélia,

Moni wachidule, chifukwa nyumba ikupsa. AKUBERA!

Ndiyambe ndi zabwino. Nditawauza abambo ako kuti gudumu lija ndi la njinga yawo, misozi inatsika. Analamula kuti njinga ituluke m'khumbi. Pano amakhala nayo pakhonde, akuipukuta ndi kansanza, n'kumapukusa gudumu ndi dzanja kuti alimve kulira.

Tsopano zoipa. Lachinayi ndinakwera chulu kukaona gudumu lathu monga ndimachitira masana alionse. Ndinapezako Edite wa kwaya akufuna kutsegula nyimbo pa telefoni yake. Ndinasuzumira. Mphwanga, gudumu lako! Lomwelo, kuzungulira kwake komweko! Ndinamufunsa kuti walitenga kuti. Anati limangobwera lokha. Lokha! Mbuzi ya mwini imangobwera yokha m'khola mwako?

Sindinalekere pomwepo. Ndinaimitsa mnyamata wogula golide wochokera ku Fíngoè, ndinati tsegula chilichonse. Gudumu! Mlendo wa a Luís wochokera ku Zambia, telefoni yake ya redi ya kwawo. Gudumu! Mwana wa mlongo wanga, thukuta lako lawoloka kale malire, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe akutchula dzina lako.

Ine ndikukayikira João. Munthu saonda chabe. Usamusiyire makina ako, ndipo ukadandaule kwa Dona Carlota msanga. Nkhaniyi sindinaitumize pa telefoni dala, chifukwa akubawo ali m'kati mwa telefoni momwemo. Pakadali pano ndikulondera chulu ndi ambulera. Wofuna kukwera ayambe wandionetsa chomwe akukatsegula.

Amako aikamo kapepala kawo. Akana kuti ndikawerenge.

Malume ako okwiya,
Amadeu

Mwananga,

Ndine mayi ako. Ukudya bwino? Ndilemba pang'ono, paja dzanja langa limachedwa.

Ine gudumu la abambo ako ndimalidziwa. Ndinakwera pa njinga imene ija ndili ndi mimba yako. Lili ndi masipoko, lili ndi kamphira kofiira. La pa telefoni ya malume ako ndi kamkombero kotuwa, kopanda kanthu m'kati. Mbuzi sindinazione. Ine sindinadzione. Abambo ako sindinawaone. Ndikafunsa, malume ako akuti ndikhale chete, za m'tauni sindizidziwa.

Mwina n'zoona sindizidziwa. Koma abambo ako tsiku lililonse amandifunsa kuti, "Rosária, ndikuoneka bwanji pamenepo?" Ine ndimati mukuoneka bwino. Ndikuwanamiza, mwananga, ndipo zikundiwawa. Undiuze chowayankha.

Mayi ako,
Rosária

Tete, 27 Janeiro 2023

Amayi ndi Malume,

Moni, ngakhale ndikulemba nkhope ili m'manja. Makalata anu a mu Dezembro afika dzulo, onyowa, onunkha mbuzi. Vicente akuti lole inatitimira m'matope, kenako mtsinje unadzaza, kenako anaiwala kuti ali m'thumba la jekete. Mayeso ndi Lolemba likubwerali!

Ndinawerenga ya Malume ndili pa desiki. Nditafika pa Edite, mtima unati phwii. Nditafika pa mlendo wa ku Zambia ndinayamba kuseka, kuseka kosaleka, mpaka misozi. Kenako ndinawerenga ya amayi, kuseka kunatha, misozi yokha inatsala.

Malume, tsikani pa chulu, mupepese kwa Edite. Palibe wandibera. Kamkombero kotuwako si kanga. Kali m'telefoni iliyonse pa dziko lapansi, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti "dikirani, katundu akubwera." Kanazungulira mpaka batire kutha chifukwa katundu wanga sanafike. Tsamba langa silinatsegukepo ku Chipera ngakhale kamodzi! Mpingo wonse unaimbira nthungululu chitseko chotseka. Ndipo ine, m'malo mofunsa kuti gudumulo ndi lamtundu wanji, ndinasenzetsa bulu wogwa kale matumba ena. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndadya chisa chonse.

João, yemwe mukumutcha mbalayo, nditamumasulira kalata anagwa pampando ndi phwete. Atadzuka anakoka mpando wake n'kundionetsa batani lina m'pulogalamu yotsegulira masamba, lomwe limachititsa kompyuta kukhala ngati ili pa redi yofooka. Ndinalidina. Amayi, ndinakaona ndi maso angawa. Kotuwa, kopanda masipoko, kakungozungulira mondinyogodola.

Ndiye kuyambira dzulo ndikugwetsa nyumba. Kanema wapita. Kwaya yapita, andikhululukire. Zilembo za ukwati zapita. Zithunzi ndazichepetsa mpaka zapepuka ngati mankhusu. Gudumu la ababa lilipo, koma laima, chifukwa kulizunguliza n'komwe kumalemera kwambiri. Malangizo aja ndawafufuta. Mizere yofiira ya validadori ndikuithyola umodziumodzi ngati ndikupalira.

Mizere yambiri yofiira inali kudandaula chinthu chimodzi. Malamulo amati chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu kumbuyo kwake ofotokoza zomwe zilipo, kuti chikakanika kutseguka mawuwo aoneke m'malo mwake, ndiponso kuti munthu wosaona awerengeredwe. Ine ndinkalumpha pamenepa, ndinkati n'zotayitsa nthawi. Ine, mwana wa a Geraldo, bambo wosaona! Lero ndalembera chithunzi chilichonse, m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja, ndipo cha ababa ndachilemba n'kufufuta kambirimbiri.

Tsambali tsopano likuoneka ngati mwana wometedwa mpala. La João lili ndi dziwe losambiramo lonyezimira. Sindikudziwa ngati ntchito ndiipeza. Mundipempherere, ndipo kalatayi ikafika mukwerenso chulu. Koma ulendo uno telefoni agwire ndi amayi.

Wanu wamanyazi,
Stélia

Tete, 30 Janeiro 2023

Amayi! Ababa! Malume!

Moni, moni, moni! Ndikulemba nditaimirira chifukwa miyendo yakana kukhala.

Dona Carlota anatsegula kabati m'mawa uno. Woweruza anatuluka, wakuda bii, galasi long'aluka, batire yomangidwa ndi tepi. Anayamba ndi tsamba la João. Tonse tinaweramira. Ndipo mukudziwa chinatulukira n'chiyani? Gudumu la Malume! Ndinaluma lilime kuti ndisaseke. Linazungulira kanthawi ndithu, kenako hotela inabwera, yokongola zedi, kungoti dziwe losambiramo linakana.

Kenako langa. Ndinatsinzina. Ndisanayambe n'komwe "Atate athu," ndinamva Dona Carlota akuti, "Ii." Latseguka! Anadina apa, anadina apo, anatembenuza telefoni chammbali, tsamba likungomutsatira. Kenako anazimitsa zithunzi zonse dala, n'kuyatsa mawu a makina omwe amawerengera osaona. Makinawo anayamba kuwerenga Chinyanja changa ndi lilime la Chipwitikizi, ngati padiri watsopano. Atafika pa chithunzi cha ababa, Dona Carlota anaimitsa n'kufunsa kuti bamboyu ndani. Ndinamuuza. Anabwezera Woweruza m'kabati n'kunena kuti, "Mawa ufike msanga, tili ndi ntchito."

NDALEMBEDWA! João anandigwira chanza ngati mwamuna, ndipo Dona Carlota wamutumiza kwa mnzake yemwe akufuna munthu. João akuti mumutumizire uchi wopepesera dzina lake.

Koma mtima sunakhale pansi kwenikweni. Woweruza wa m'kabati wavomera. Nanga wa pa chulu?

Wanu wantchito,
Stélia

Chipera, 13 Fevereiro 2023

Mwananga Stélia,

Ndine mayi ako. Tili bwino tonse, chimanga chamasula. Makalata ako awiri afika limodzi Loweruka. Tinayamba kulira ndi yoyamba, tinavina ndi yachiwiri. Malume ako apepesa kwa Edite, koma anapepesa akuyang'ana kumbali.

Dzulo titaweruka ku tchalitchi tinapita ku chulu. Anthu anachuluka kuposa ulendo woyamba, ena anangobwera kudzaseka malume ako. Tinkafuna kuwasiya abambo ako pa msekese paja. Anakana. Anati, "Ulendo watha munandisiya pansi, munakaona bodza. Lero ndikwera." Chulu chinali choterera ndi mvula. Malume ako anawagwira dzanja ili, a Luís dzanja linalo, ine kumbuyo ndikukankha. Anafika pansonga mawondo ali matope okhaokha, akuseka.

Telefoni ndinagwira ine monga unanenera. Malume ako anakonza kukhosi kuti ayambe mwambi wa nkhono uja. Sanaumalize. Dzina la gulu lathu linali litatuluka kale, lakuda pa poyera, ndi nambala ya telefoni pansi pake.

Zithunzi zinachedwa, kunali mitambo. M'malo mwake munali timabokosi, ndipo m'kabokosi kalikonse munali mawu. Anthu anayamba kufunsa kuti nanga zithunzi zili kuti. Abambo ako anati, "Khalani chete. Lero muona mmene ndimaonera ine. Rosária, werenga."

Ndinawerenga pang'onopang'ono, paja ukundidziwa. Ndinawerenga za tonde wa a Luís. Ndinawerenga za mayi wina wovala duku lachikasu akusefa uchi, anthu n'kukuwa kuti ndi ine. Ndinawerenga za bambo wa jekete la pa Pasaka atatupa ngati finye, malume ako n'kunena kuti pamenepo makina alakwitsa. Kenako ndinafika apa: "Bambo Geraldo aima pambali pa njinga yawo, dzanja lili pa chishalo, chipewa chapendekeka. Akuseka ndi munthu yemwe sakuoneka pa chithunzi."

Abambo ako anagwira chipewa chawo n'kuchiwongola. Anati, "Wosaonekayo ndi Stélia. Anandiuza kuti ndisaseke."

Malume ako akuti ndikuuze kuti tsambali ndi labwino, koma lakale lija linali ndi moyo. Masana ano ndawaona pa chulu ndi Edite, akumupempha kuti atsegule nyimbo zake zolemera zija, aonereko gudumu pang'ono.

Ndibwerere ku dzulo. Tili pomwepo mtambo unasuntha, zithunzi zinayamba kutsika, kuyambira kumutu. Chipewa chinatuluka, kenako nkhope, kenako njinga ndi kamphira kake kofiira. Anthu anakankhana, aliyense akufuula kuti, "A Geraldo, mwatuluka! Mwatuluka, bwenzi mukanadziona!"

Abambo ako sanatekeseke. Anati, "Mwachedwa inu, ine ndadziona kale." Kenako anafufuza mkono wanga n'kuugwira. Anati, "Rosária, werenganso."

Ndinawerenganso, mwananga. Ulendo uno sindinawanamize.

Mayi ako,
Rosária